Kalongonda wa pa Bwalo la Ndege

Mukapita pa bwalo lalikulu la ndege lija, kuseri kwa Kabula, mupeza mzere wa masitolo a malata tsidya la msewu, moyang'anana ndi chipata. Mukafunsa amene anayambitsa malonda pamenepo, akutchulirani eni masitolowo, amuna a mimba zawo amene anafika zonse zitapsa kale. Bodza limeneli lanenedwa kwa nthawi yaitali mpaka ena ayamba kuliphunzitsa ana. Woyamba kuika mafuwa pamalo amenewo anali mayi wa ku Namitambo, a Elestina Namakhwa, ndipo mwa eni masitolo onsewo palibe ndi mmodzi yemwe amene anaponda pa maliro awo.

A Elestina anabadwira pa esiteti ina ya fodya m'boma la Chiradzulu. Makolo awo anali Alomwe amene anathawa chikwapu cha Apwitikizi n'kudzagwera m'manja mwa thangata kuno, kumene anansi awo ankawatcha Anguru ngati akulavula. Anakwatiwa ndi a Chester, mwamuna wa mawu okoma amene ankati akayambitsa nyimbo m'tchalitchi ku Mbombwe, amayi ankapukuta misozi. Itagwa njala ya 1949, a Chester anatenga dengu ndi nsalu yabwino ya mkazi wawo, nati akupita kukasuma ku Mwanza. Akusumabe mpaka lero.

Ana atatu amene anawasiyawo anapulumuka ndi kalongonda. Amene simumudziwa, kalongonda ndi nyemba zazikulu zolimba, m'bale wake wa chitedze, ndipo amabala ngakhale pa nthaka imene chimanga chakana. Koma ali ndi ululu. Umamuwiritsa, madzi n'kuda bii, n'kuwataya. Umamusenda makoko, n'kuthira madzi ena, n'kuwiritsanso, n'kutayanso, mobwerezabwereza kuyambira m'mamawa mpaka dzuwa litapendeka, kufikira madzi atayera. Ukachita ulesi, mutu wa wakudyayo umazungulira, amasanza, amabwebweta, ndipo wofooka amatha kutsikira kuli chete. Mlomwe aliyense amazidziwa zimenezi asanamere mano achiwiri.

Njala itatha, kapitao wa pa esiteti anabwera pakhomo. Mkazi wamasiye sankagwira thangata, koma kapitaoyo anati a Elestina si wamasiye popeza mwamuna wawo ali moyo kwinakwake, choncho alowe m'chigafa m'malo mwake. Taganizani nzeru imeneyo: wothawa ndi wina, wolipira ndi amene wathawidwa! Anasoka fodya m'chigafamo mpaka zala zinada, chifuwa chinayamba kulira ngati chitseko. Tsiku lina anangomanga katundu, natenga ana, napita kwa atsibweni awo ku Namitambo, amene anawadulira kamunda ka miyala kokana chilichonse kupatula nandolo ndi kalongonda. Potuluka pa esitetipo analumbira anthu akumva kuti chigafa chidzawaonanso ali mtembo. Koma kamundako sikakanadyetsa anthu anayi, ndipo aliyense ankadziwa kuti akapanda kupeza pogwira, njala idzawabwezera komweko.

Pogwirapo anabwera napo a Goliati, bambo wa ku Likoswe wa mpingo womwewo, amene anali kapitao wa anthu okuza bwalo la ndege. Anakumana pa Sabata ataweruka ku Mbombwe.

“Achemwali, kuja tikutha ndi phoso,” anatero a Goliati. “Ufa ndi mchere, ufa ndi mchere, nyemba zake zofumbwa. Tsiku lina ndinalota kalongonda, podzuka ndinapeza ndikutafuna bulangeti.”

“Nanga alamu sakuphikirani?”

“Aphike kuno, ndikafike naye kuja atasasa? Anthu a kwathu tilipo ambiri kumeneko, achemwali. Nyamulani miphika. Ndege zija sizitera zokha, zimatera ndi njala ya anthu.”

Anasiya ana kwa mng'ono wawo, nasenza thumba la kalongonda ndi miphika iwiri, nayenda mpaka ku Limbe, kumene lole ya miyala inawatenga. Zimene anapeza pa bwalopo sanaziiwale. Chigwa chonse chinali fumbi ndi fungo la phula. Amuna ankaswa miyala, ena kukankha mawilibala, ndipo chigudumu chachitsulo chinkatsendera njira ya ndege uku chikufuka utsi. M'mbali mwa mpanda wa waya munali mutamera msika umene palibe anaudzala. Kunali amayi a thobwa ndi a mbatata yootcha, telala ndi makina ake pansi pa mtengo, wokonza njinga, ndi anyamata osema ziboliboli amene ankathamangira azungu otsika ndege. Aliyense anali ndi malo ake, mwala wake wokhalapo, ndipo malo akakhala opanda mwini masiku angapo, wina ankakhalapo basi, popanda mlandu.

Mayi wina wonenepa, wogulitsa zitumbuwa, anawayang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi.

“Inu a miphika, mwathawa ukwati kapena mwabwera kudzagulitsa?”

“Ukwati ndi umene unandithawa ine.”

“Ndiye khalani apa, tili awiri. Ine wanga anachita ulemu, anafa.”

Amenewa anali a Rabia, Myao wa mudzi wapafupi, Msilamu wa pakamwa posatopa. Anawapatsa mphasa m'nyumba mwawo ndi malo a mafuwa kuseri. M'mawa a Rabia ankapita ku mpanda ndi zitumbuwa, a Elestina n'kutsala kuseriko ndi miphika, ndipo chitsulo choweruka chikamalira masana, kalongonda ankakhala atafika pa chipata, wothira mchere, wotentha.

Oyamba kugula anali Alomwe. Kenaka ena anayamba kulawa m'manja mwa anzawo, mpaka Asena, Ayao ndi Angoni omwe anayamba kuima pa mzere. Wokonda kwambiri anali Simoni, Mngoni wa ku Ntcheu wokankha wilibala, amene sankagula popanda chipongwe.

“Mayi, ichi si chakudya chija amati chinamaliza agogo athu pa nkhondo?”

“Agogo anuwo anali akuba, anafulumira kutsegula mphika wa eni ake. Inu mukugula, simufa.”

“Ndiye onjezerani pang'ono, ndiwalipsirire.”

Malonda anayenda. Mwezi ukatha a Elestina ankabwerera ku Namitambo ndi sopo ndi nsalu za ana, n'kugula kalongonda kwa amayi a m'mudzimo, amene anayamba kumudzala m'mbali mwa minda yonse. Vuto linali nkhuni. Mitengo ya pafupi ndi bwalo inali itathera kuwiritsa phula, ndipo a Rabia ankadandaula akaona moto ukuyaka tsiku lonse pansi pa mphika umodzi.

“Achemwali, msuzi wabwinobwino mukutayiranji? Nkhuni zonsezi, n'kumathirira nazo udzu?”

Apa a Elestina anaopa. Anali ataona mmene malonda a pa mpanda ankayendera: wina akayamba chinthu n'kumuyanja, sabata yotsatira ogulitsa chomwecho ali asanu. Kaphikidwe kameneka ndi kokha kamene anali nako pa dziko lapansi. Amene sanasokepo fodya m'chigafa asawaweruze. Anangoyankha mwachidule kuti, “Ndi mwambo wathu Alomwe,” nkhani n'kuthera pomwepo.

M'nyengo yotentha uthenga unafika wakuti atsibweni aja amwalira. Munthu amene anakupatsa munda sungamuike m'manda ndi uthenga wa pakamwa. A Elestina ananyamuka tsiku lomwelo, thumba la kalongonda n'kulisiya m'nyumba mwa a Rabia.

Maliro atatha, anthu asanamete n'komwe, a Goliati anatulukira ku Namitambo pa njinga, nkhope ili gwaa. Anapepesa maliro mwachangu, naitanira a Elestina pansi pa mtengo wa mango.

Nkhani yake inali iyi. Mayi wina wa chinangwa anayamba kuzungulira mwala wa a Elestina. A Rabia, pofuna kusungira mnzawo malo, anaphika kalongonda okha. Anamuwiritsa kamodzi ngati nyemba, nathira matimati ndi mchere mu msuzi wakudawo, napita naye pa chipata. Tsiku limenelo gulu la Alomwe linali litatumidwa kukaswa miyala ku phiri, kotero panalibe woti akuwe. Amene anadya anayamba kudzandira, kusanza, ena kuseka okha. Simoni anavula malaya n'kuthamangira pakati pa bwalo ndege ikubwera kudzatera, akukuwa kuti kabawi wabwera kudzatenga anapiye ake. Ndegeyo inakweranso m'mwamba n'kuzungulira mpaka anthu atamugwira. Palibe anafa. Koma mzungu wa kampani yokuza bwaloyo, amene anthu ankamutcha Bwana Kaliwo chifukwa kaliwo sankachoka pakamwa pake, anathamangitsa ogulitsa zakudya onse pa mpanda, nalengeza kuti mayi wa nyemba za chiphe akadzaonekanso adzamupereka kwa apolisi.

“Dzina limene lili pakamwa pa anthu ndi lanu, achemwali,” anatero a Goliati. “Amayi a thobwa akuti Mnguru wawaphera malonda. Koma njira ilipo. Bwana akufuna munthu mmodzi woti amuloze chala. Ine ndikaima nanu, tikanene kuti anaphika ndi Mchawa uja, inu munali ku maliro. Mwina angakulekeni.”

“Ndiye iyeyo akamuchite chiyani?”

“Zimenezo ndi zake. Anamutuma ndani?”

Achibale amene anali atasendera pafupi anati asapitenso n'komwe. Mng'ono wawo analira, nati ndende ndi yoipa kuposa chigafa, ndipo ku esiteti akulemba anthu mwezi womwewo. A Elestina anayang'ana zala zawo, zimene zinali zitangoyamba kuyera.

“Achimwene, pitani mukagwire ntchito yanu,” anatero pomaliza. “Ine sindikalozako munthu chala, ndipo ku chigafa sindipita. Mphika wanga ndikaunenera ndekha.”

Atameta, ananyamuka ndi thumba lina la kalongonda ndi mtolo wa mapesi a nandolo ouma. Anapeza a Rabia atadzitsekera m'nyumba, ataonda, chiwaya cha zitumbuwa chili chovundikira.

“Ndinakufunsani, achemwali,” anatero a Rabia misozi ili mbwembwembwe. “Munati ndi mwambo wanu. Ine ndinati mwambo wa Alomwe umagwira Alomwe. Ine sindidya nkhumba, koma inu mumadya, ndipo simufa. Ndinayesa kutaya madziko n'chimodzimodzi, ndi lamulo la makolo anu, losakhudza ine kapena Angoni aja.”

A Elestina anali atabwera ndi mawu ambiri okalipa, koma onse anawathawa. Anakhala pansi pa khomo.

“Chiphecho chinaphikidwa ndi pakamwa panga,” anatero. “Dzukani. Sambani m'maso. Mawa muphika ndinu.”

“Ine? Andigenda miyala!”

“Akagenda tidzaikira mafuwa. Miyala ya kuno ndi yogula.”

Lamulo la Bwana Kaliwo linkathera pa mpanda ndi ngalande yake. Tsidya la msewu linali thengo la mudzi wa a Rabia, ndipo eni malowo sanakane. Pamenepo, moyang'anana ndi chipata, poonekera aliyense wolowa ndi wotuluka, amayi awiriwo anaika mafuwa dzuwa likutuluka. Zimene a Elestina ankabisa kuseri kwa nyumba anaziyala pa mtetete. Madzi atada, a Rabia ananyamula mphika n'kuwakhuthulira m'mbali mwa msewu, a Elestina akufuula kuti a pa chipata amve:

“Onani! Amene anathamangitsa ndege ndi awa! Osati ine, osati mayi awa, ndi madzi awa!”

Anasenda makoko, nathira madzi ena, nawiritsa, natayanso, nafuulanso. Mlonda wa pa chipata anapita kukauza Bwana Kaliwo, amene anabwera n'kuima pa ngalande, nayang'ana nthawi yaitali akufuka utsi, nafunsa mlondayo ngati tsidyalo lili m'malire a kampani. Atamva kuti ayi, anauza a Goliati kuti achenjeze anthu ake, nabwerera. Apolisi sanawaitane. Mwina anaona kuti n'kovuta kufotokozera polisi mlandu wa mayi wotaya madzi pa thengo.

Chitsulo choweruka chitalira, amayi awiriwo anakhala pa mphasa, mbale pakati, nayamba kudya anthu akutuluka. Khamu linaima kudikira kuti apenge. Sanapenge. Koma palibe anagula.

Mawa lake zinali chimodzimodzi, ndi mkuja lomwe. Amayi a thobwa ankabwera kudzatukwana ataima patali. Anyamata a ziboliboli ankati akadutsa n'kumakupiza manja ngati mapiko. Chopweteka koposa chinali cha Alomwe. Amuna amenewa ankadziwa bwino lomwe kuti mphikawo ulibe vuto, fungo lake linkawakoka, koma ankadutsa ataweramitsa mitu, kuopa kutchedwa Anguru a chiphe pamaso pa anzawo. A Goliati, amene analota akutafuna bulangeti, anayamba kutulukira chipata cha kumunsi. Anthu a mtundu wako akafuna kukukana sachita phokoso, amangopeza njira ina yodzera.

Mapesi a nandolo anatha, nayamba kutola zitsononkho ndi ndowe zouma. Thumba linatsika kufika pakati. Kalongonda wosagulidwa ankamudya okha, m'mawa ndi madzulo, mpaka a Rabia anati akamuonanso alira.

“Achemwali, mimba yanga yasanduka ya Chilomwe. Tileke. Bwererani kwanu, mwina ku fodyako...”

“Mukatchulanso fodya ndikuthirani madzi akudawa. Sonkhezani moto.”

Tsiku lina masana, anthu akutuluka, munthu wina anapatuka pa gulu n'kuwoloka msewu. Anali Simoni. Chichitikireni zija anzake ankamutcha Kabawi, ndipo ankayenda yekha. Masiku onsewo njira ya wilibala yake inkadutsa pafupi ndi chipata, ndipo madzi aliwonse otayidwa ankawaona. Anaima patsogolo pa a Rabia.

“Ndinu munandiphikira tsiku lija?”

“Ndine, bambo. Pepani.”

“Msuzi wake unali wokoma, zimenezo ndisaname.” Anasuzumira mumphika. “Lero mwaphikanso ndinu?”

“Ndi manja awo,” anayankha a Elestina. “Ine ndangoyang'anira.”

“Kabawi, ufuna ukagwire ndege ina?” anakuwa wina tsidya lija, anthu n'kuseka.

“Eya, ya lero ndikufuna ndikatsike nayo ku Salisbury!” anayankha Simoni, nakhala pansi. “Ikani, mayi. Munthu sangasekedwe kawiri ndi mphika umodzi.”

Anadya pang'onopang'ono, khamu lonse likumuyang'ana m'kamwa. Atamaliza anapukuta manja m'kabudula, nakhalabe pomwepo akucheza mpaka dzuwa linafiira, kuti aliyense aone kuti mutu wake uli m'malo. M'mawa mwake anafika pa ntchito n'kukankha wilibala yake ngati kale. Masana amenewo anawoloka msewu ali ndi anzake atatu. Alomwe, ataona kuti Mngoni wawatsegulira njira ya ku chakudya cha amayi awo, anayamba kubwera mmodzimmodzi, akukhosomola ndi manyazi. A Goliati anabwera pomalizira penipeni, nati anali otanganidwa. A Elestina anawaikira mbale, ndipo mpaka imfa yawo sanawatchenso achimwene.

Kumene kwapita amuna anjala, thobwa limatsatira. Amayi aja otukwana anabwera ndi zidebe zawo n'kukhala m'mbali mwa mafuwa a a Elestina, popanda wopepesa ndi mmodzi yemwe. Anabwera wa mbatata, telala anasamutsa makina ake, wokonza njinga naye. Bwana Kaliwo sanachotse lamulo lake, ndipo panalibenso amene analifuna, chifukwa msika wonse unali utawoloka msewu. Zimene a Elestina ankaopa zinachitikadi: ophika kalongonda anachuluka, poti kaphikidwe kanali kataonedwa ndi dziko lonse. Koma aliyense wa iwo ankataya madzi ake poyera, m'mbali mwa msewu, chifukwa wogula sankakhulupirira mphika umene sanauone ukukhuthulidwa. Ndipo kalongonda wosaphika onsewo ankamugula kwa a Elestina, amene ankabwera naye m'matumba kuchokera kwa amayi a ku Namitambo.

Ntchito yokuza bwalo itatha, kampani inapita, koma ndege zinachuluka, ndi anthu ogwira ntchito pa bwalopo. Ndi pamene anatulukira amuna a zikwama, ndi ziphaso zawo za malonda, nayeza malo omwewo ndi chingwe, namanga masitolo a malata pamwamba pa phulusa la amayi aja. Ogulitsa zophika anawakankhira kumapeto, pafupi ndi dzala. A Elestina anasuntha mafuwa awo, nagulitsabe kumeneko mpaka chifuwa cha m'chigafa chija chinawapeza. Anabwerera ku Namitambo, ku nyumba ya njerwa zosawotcha imene anamanga pa kamunda ka miyala kaja, ndipo anamwalira momwemo, ana awo atatu ali pambali. Chigafa sichinawaonenso, ngakhale mtembo wawo.

Pa maliro panafika mayi wonenepa wovala mpango wa Chisilamu, amene anthu a mpingo sankamudziwa. Sanakhale m'nyumba ya siwa nthawi yaitali. Anapita kuseri kumene amayi ankaphika, napempha mphika waukulu ndi lichero la kalongonda. Amayi a Chilomwe anakodolana, nakhala momuzungulira kuti aone pamene Myao alakwitse. Anawiritsa, nataya, nasenda, nawiritsanso, natayanso, mpaka madzi anayera mbee. Anthu atabwera ku manda anadya, ndipo mphikawo unatha usanazizire.